Mitanda ya pa Chifuwa cha Daniel Roxo

Pa azungu onse amene anagwira mfuti m'chigawo chino cha Niassa pa nkhondo ya 1964 mpaka 1974, palibe amene dzina lake linamveka kutali ngati la Francisco Daniel Roxo. Maboma awiri anamulemekeza chifukwa cha kulimba mtima pa nkhondo. Boma la Portugal linamuveka mendulo ya Cruz de Guerra kawiri, ndi ina ya Serviços Distintos. Boma la azungu la South Africa linamupatsa Honoris Crux. Cruz de Guerra ndiye kuti Mtanda wa Nkhondo, ndipo Honoris Crux, m'Chilatini, ndiye kuti Mtanda wa Ulemu. Maboma onse awiriwo anagwa kalekale, koma mamendulowo akadali m'mabuku, ndipo mwana wathu aliyense amene ali ndi foni ya intaneti akalemba dzinali amapeza nkhani zambiri zomutamanda, za m'Chipwitikizi ndi za m'Chingerezi. Ambiri mwa olemba nkhanizo ndi asilikali akale a mbali yake ndi anthu owakonda. Koma thengo limene anaonetseramo chamuna chakecho ndi lathu lino, ndipo nkoyenera, abale anga, kuti nafenso tiiwerenge mbiriyi titaima pa gombe lathu.

Roxo anabadwa pa 1 Fevereiro 1933 ku Mogadouro, m'dera la mapiri la Trás-os-Montes, kumpoto chakum'mawa kwa Portugal. Kumeneko kunali kwa alimi osauka, kwa nthaka yamiyala ndi chisanu chowawa, ndipo anyamata ambiri ankachokako kukafuna moyo kwina. Iye anafika ku Moçambique mu 1951, ali ndi zaka 18, nadzakhazikika ku Niassa. Masiku amenewo chigawo chino chinali kumathero kwa zonse. Companhia do Niassa, kampani imene inalamulira kuno mpaka 1929, inkadziwa kutolera msonkho koma inasiya zochepa zooneka ndi maso. Njanji inafika ku Vila Cabral, Lichinga wa lero, mu 1969. Azungu anali owerengeka, nyama ndiye zinali mbwee. Roxo anagwirako ntchito ya boma, koma chimene chinamutchukitsa ndi ulenje.

Aliyense amene anapitako ku uzimba akudziwa kuti mlendo saphunzira thengo payekha. Pamafunika wina womuuza kuti phazi ili ndi la dzulo, ili ndi la m'mawa uno. Kuti udzu wogona chotere wapondedwa ndi munthu wosenza katundu. Kuti m'chilimwe madzi amatsala m'khwawa liti. Kuti mbalame zikalira motere pali chimene chaziopsa. Nzeru zimenezi zinali za eni nthaka, Anyanja, Ayao ndi Amakua, ndipo mlenje wachizungu aliyense ankazitenga kwa anthu amene ankamutsogolera, kumusenzera mfuti ndi kumukolezera moto. Kale njovu ikaphedwa, mnyanga wogwera pansi unkapita kwa mfumu ya dzikolo, ngakhale mfumuyo inali khale kunyumba. Mbiri ya alenje achizungu inayendanso motero: olondola mapazi ndi ena, dzina lolembedwa m'buku ndi la wina. Zaka 13 za m'thengo zinamupatsa Roxo chinthu chimene msilikali wochokera ku Lisboa analibe, ndipo nkhondo itabuka boma linachifuna chinthucho.

Nkhondo inayamba mu Setembro 1964. Ku sukulu timaphunzira za Chai, ku Cabo Delgado, pa 25 Setembro, koma masiku omwewo mfuti zinaliranso kuno kunyanja, cha ku Cóbuè ndi ku Metangula, kumene Apwitikizi ankakutcha Augusto Cardoso. Panali zifukwa zake kuti moto ugwire msanga m'mbali mwa nyanja. Tanzania ali pafupi, Likoma akuonekera patsidya pompa, ndipo anthu a kuno anali oyenda: ankapita kukagwira ntchito kunja, nkumamva mmene maiko oyandikana nawo akulandirira ufulu. Sukulu za mishoni, makamaka ya Aanglikani pa Messumba, zinali zitatulutsa aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki odziwa kuwerenga ndi kufunsa mafunso. Ambiri mwa anyamata amenewa anawoloka kupita ku Frelimo, ndipo ambiri mwa otsala anagwidwa ndi PIDE, apolisi achinsinsi a boma, natumizidwa ku ndende zakutali. Wansembe wa pa Messumba, John Paul, anaziona zimenezi ndi maso ake nadzazilemba m'buku limene linatuluka mu 1975.

Pofika 1965 midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja inali itasanduka mabwinja. Ena anapalasa mabwato usiku kupita ku Likoma, ena analowera ku Tanzania kumene anaikidwa m'misasa ya othawa nkhondo monga wa Lundo, pafupi ndi Mbamba Bay, ena anakwera m'mapiri kukakhala pafupi ndi asilikali a Frelimo. Otsala boma linawasonkhanitsa m'midzi ya mpanda, ma aldeamento, pafupi ndi misasa ya asilikali, kumene munthu sankapita kumunda kapena kukaponya ukonde popanda chilolezo. Pa Metangula panakhazikitsidwa likulu la asilikali a pamadzi. Maboti awo ankhondo anachokera kunyanja yamchere, anakwezedwa pa sitima ya pamtunda, kenaka pa magalimoto aakulu, mpaka anatsitsidwa m'madzi athu ano.

Pa madzi Apwitikizi anali ndi mphamvu, koma pa mtunda zinthu zinali zina. Msilikali wamba wa ku Portugal anali mnyamata wa zaka zongopitirira 20, wotengedwa mokakamiza, wotumizidwa kuno kwa zaka ziwiri, wosadziwa chilankhulo, wosadziwa njira, wongowerenga masiku oti abwerere kwa mayi ake. Misewu yopita ku Nova Coimbra, ku Lunho ndi ku Miandica inadzala mabomba okwirira pansi, mwakuti asilikaliwo anayamba kulitcha dera lino Estado de Minas Gerais. Imeneyi inali nthabwala yowawa: Minas Gerais ndi chigawo cha migodi ku Brasil, ndipo m'Chipwitikizi liwu lakuti mina limatanthauza mgodi komanso bomba lokwirira. Anthu oterewa ankaopa kuchoka pa msewu, ndipo pa msewu pomwepo ndi pamene panali imfa.

Apa ndi pamene Roxo analowera. Iye sanali msilikali wolembedwa m'gulu lankhondo la Portugal. Anasonkhanitsa gulu lakelake la milícia, la anthu akuda a m'chigawo chino, amuna pafupifupi 90, ndipo ankayenda nawo pansi, kunja kwa misewu, masiku ambiri, monga ankachitira posaka njovu. Ntchito yawo inali kulondola mapazi, kupeza misasa ya Frelimo, kuiukira modzidzimutsa, kulanda zida ndi kubwera ndi anthu amene apezeka kumeneko. Anamupatsa dzina lakuti Diabo Branco, Mdyerekezi Woyera, ndipo amene ankamukonda ankalitchula monyadira.

Kodi anali wolimba mtima? Sindikuona chifukwa chokanira. Munthu amene amayenda patsogolo pa anzake m'thengo lodzala mabomba, chaka ndi chaka, kwa zaka khumi, si wamantha. Ngakhale amene amadana ndi zonse zimene iye ankamenyera ayenera kuvomera zimenezi, chifukwa mbiri yonama, ngakhale yokomera mbali yathu, siiphunzitsa ana kanthu. Funso lenileni lili pena: kulimba mtimako kunkagwera pa mutu pa yani?

Pa nkhondo ya m'thengo msasa wa asilikali ndi mudzi wa anthu wamba siziima patali. Asilikali a Frelimo ankadya chinangwa cholimidwa ndi amayi a m'mapiri. Zida zawo zinkasenzedwa pamutu kuchokera ku Rovuma ndi anthu wamba, atsikana ndi anyamata omwe. Wolondola mapazi akapeza njira, nthawi zambiri inali njira ya kumunda kapena ya kumadzi, ndipo kumapeto kwake kunali nkhokwe, mitondo ndi ana. Nchifukwa chake asilikali a boma ankaononga minda ndi kutentha nkhokwe m'madera amene Frelimo inkalamulira: ankafuna kuti njala ichite zimene mfuti inalephera. M'malipoti awo munali mawu awiri amene aliyense wa ife amene anaphunzira Chipwitikizi ayenera kuwalawa bwino: população recuperada, anthu obwezedwa, ngati kuti ndi mbuzi zosokera zimene mwini wake wazipeza. Mawuwo ankanena za agogo athu, otengedwa ndi mfuti kumsana kupita kuseri kwa waya waminga. Nayonso mbali inayo inali ndi dzanja lolemera. Bomba lokwirira silinkafunsa ngati galimoto yanyamula asilikali kapena odwala, ndipo mfumu kapena munthu wamba woganiziridwa kuti akugwirizana ndi boma ankatha kuphedwa popanda mlandu kuzengedwa. Banja limodzi linkatha kukhala ndi mwana m'mapiri ndi mwana wina mu milícia, mayi wawo ali mmodzi.

Zonsezi sizilembedwa pa chikalata cha mendulo. Chikalata chotere chimanena tsiku, malo, kuchuluka kwa adani ndi mmene wolandirayo sanasamalire moyo wake. Cruz de Guerra inakhazikitsidwa mu 1916, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, koma inagwira ntchito yake yaikulu pa nkhondo za mu Afrika. Kuyambira 1963, pa 10 Junho chaka chilichonse, boma linkachititsa perete wamkulu pa bwalo la Terreiro do Paço ku Lisboa, ndipo atsogoleri ankaveka mamendulo asilikali amoyo, komanso akazi amasiye, makolo ndi ana a asilikali akufa, dziko lonse likuonera. Boma linkafuna ngwazi zoti lizionetsa kwa amayi amene linkawalanda ana awo. Munthu ngati Roxo, mwana wa alimi wa ku Trás-os-Montes woyenda ndi anthu akuda omukhulupirira, anali chithunzi chokoma kwambiri kwa boma limene linkauza dziko lapansi kuti Moçambique ndi Portugal yemweyo, ndipo kuti akuda ndi oyera akumenyera mbendera imodzi.

Pa 25 Abril 1974 asilikali a ku Portugal, otopa ndi nkhondo yosatha, anagwetsa boma la Marcelo Caetano. Pa 7 Setembro chaka chomwecho, tsiku limene pangano la ku Lusaka linasainidwa, azungu ena a ku Lourenço Marques analanda nyumba ya wailesi ya Rádio Clube pokana kuti dziko liperekedwe kwa Frelimo. Roxo anali nawo. Kuukirako kunatha m'masiku ochepa, kutasiya maliro ambiri mumzindamo, ndipo iye anawolokera ku South Africa. Mlendo ndi mame, anatero akale. Zaka 23 zimene anakhala kuno sizinamuletse kuchoka, chifukwa anali ndi khungu limene malire a ku Joni ankalitsegulira chitseko.

Kumeneko, ali ndi zaka zopitirira 40, analowa m'gulu la asilikali apadera a South Africa. Kumapeto kwa 1975 dzikolo linalowa ndi nkhondo mu Angola pothandiza magulu a FNLA ndi UNITA kulimbana ndi MPLA ndi asilikali a ku Cuba. Mu Dezembro chaka chimenecho magulu awiriwa anayang'anizana pa mtsinje wa Nhia, pa mlatho wophwasulidwa umene asilikali a South Africa anautcha mlatho wa nambala 14. Roxo anatumidwa kukazonda mlathowo. Anasiya anzake kumbuyo napita yekha wapansi, ndipo pobwerera anakumana ndi adani. Malinga ndi zimene analemba a mbali yake, anapha anthu 11 natuluka wamoyo. Ichi ndicho chinamupezetsa Honoris Crux. Miyezi isanu ndi itatu pambuyo pake, pa 23 Agosto 1976, galimoto yake yankhondo inaponda bomba lokwirira kumwera kwa Angola, pafupi ndi mtsinje wa Okavango, nimugwera. Anafa ali ndi zaka 43. Chimene anachizemba zaka khumi poyenda pansi m'thengo la Niassa chinamupeza atakwera galimoto m'dziko la eni.

Taonani mmene mendulo yomalizayi ilili. Mu Niassa munthu akanatha kunena kuti Roxo ankateteza malo amene anawayesa kwawo. Pa mtsinje wa Nhia analibe munda, analibe mbale, analibe manda a makolo. Ankamenyera boma limene m'dziko lake munthu wakuda sankaloledwa kuvota, kapena kukhala mumzinda popanda chitupa. Chamuna chinali chomwecho, luso linali lomwelo, mwini ntchito yekha ndiye anasintha. Mtanda wa pa chifuwa unayeza bwino kuti mtima wa munthuyo unali wolimba motani, ndipo sunafunse kanthu kena.

Kuti tione kuti mendulo ingathenso kufunsa funso linalo, tichoke pang'ono ku Afrika, tipite ku nkhondo ina ya zaka zomwezo, ya Aamerika ku Vietnam. Nayonso inali nkhondo ya m'midzi, ya asilikali achilendo osatha kusiyanitsa mdani ndi mlimi. M'mawa wa pa 16 Março 1968 msilikali wa ku Amerika wa zaka 24, Hugh Thompson, ankayendetsa helikopita yaing'ono yozonda pamwamba pa mudzi wa My Lai, pamodzi ndi anzake awiri, Lawrence Colburn ndi Glenn Andreotta. Poyang'ana pansi anaona mitembo ya amayi, ana ndi nkhalamba, ina itadzaza ngalande, ndipo anazindikira kuti akupha anthuwo ndi asilikali a dziko lake lomwe. Ataona gulu la asilikali likulondola anthu amene anathawira m'dzenje lobisalamo, anatsitsa helikopita pakati pa asilikaliwo ndi anthuwo, nauza anzake awiri aja kuti ngati asilikaliwo ayamba kuombera anthu wamba, iwo awaombere. Kenaka anatsika, anatulutsa anthu m'dzenjemo, naitana mahelikopita ena kuti awanyamule. Pochoka, Andreotta anaona kanthu kakugwedezeka m'ngalande ya mitembo ija, analowamo natulutsa mwana wamoyo. Thompson atafika ku msasa anakanena kwa akuluakulu ake zimene anaona. Tsiku limenelo anthu 504 anaphedwa, malinga ndi chiwerengero cha ku Vietnam. Asilikali a Amerika anawerenga 347.

Akuluakulu ake anamupatsa mendulo msanga, koma chikalata chake chinali chabodza: chinkanena kuti anapulumutsa mwana pakati pa zipolopolo za adani, pamene adani panalibe. Thompson anaitaya mendulo imeneyo. Nkhaniyo itaululika iye anachitira umboni, ndipo ambiri kwawo anamuyesa wopereka abale. Analandira makalata omuopseza kuti amupha. Mwa onse amene anazengedwa mlandu, mmodzi yekha, William Calley, ndiye anapezeka wolakwa. Panapita zaka 30 kuti dziko lake livomere. Mu Março 1998 Thompson ndi Colburn anavekedwa Soldier's Medal ku Washington, ndipo Andreotta, amene anafa pa nkhondo milungu itatu chichitikireni za ku My Lai, anapatsidwa yake ali m'manda. Mendulo imeneyi imaperekedwa kwa msilikali amene waika moyo wake pachiswe popanda kumenyana ndi mdani, ndipo ndiyo inamuyenera, popeza mfuti zimene Thompson anaima patsogolo pake zinali za anzake. Ife a ku Moçambique sitingaimve nkhaniyi osakumbukira Wiriyamu, ku Tete, kumene pa 16 Dezembro 1972 asilikali a Comandos anapha anthu wamba pafupifupi 400. Kumeneko palibe helikopita imene inatera pakati.

Ndikayika amuna awiriwa pamodzi, sindikayika kuti onse anali olimba mtima, ndipo mwina pa luso la nkhondo Roxo anali patsogolo kwambiri. Koma wina analandira mitanda yake nkhondo ikadali mkati, kuchokera kwa amene ankapindula ndi ntchito yake. Winayo anadikira zaka 30 chifukwa ntchito yake inachititsa manyazi omutuma. Boma limafulumira kulemekeza chamuna chimene likuchifuna. Choncho kholo likamva mwana akutama munthu chifukwa cha mamendulo, lichita bwino kumufunsa kuti anamuveka ndani, chaka chanji, ndipo amene anali kutsogolo kwa mfuti yake anali yani.

Tibwerere kunyanja, kwa amene anatsala. Boma lino la Lago lili ndi ngwazi zake za mbali inayo, ndipo dziko linazilemekeza m'njira yake. Dzina la Paulo Samuel Kankhomba, mwana wa kuno amene anakhala mmodzi wa akuluakulu a asilikali a Frelimo, lili pa misewu ya ku Maputo ndi ku Nampula, ndiponso pa sukulu ya sekondale ku Lichinga kumene ana athu ambiri aphunzirako. Dzina la Francisco Orlando Magumbwa nalonso lili pa msewu ku Maputo. Koma ngakhale apa mbiri siyosalala monga chikwangwani cha pa msewu. Kankhomba sanaphedwe ndi Mpwitikizi. Anaphedwa mu Dezembro 1968, cha kumalire a Rovuma, ndi anthu a mbali ya Lázaro Nkavandame, pa mkangano wa m'kati mwa Frelimo momwe, miyezi yochepa chichitikireni msonkhano waukulu wachiwiri wa chipanicho pa Matchedje, muno mu Niassa.

Ndipo pali ena ambirimbiri amene alibe msewu kapena mendulo. Ndikunena za asodzi amene ankawolotsa mabanja usiku kupita ku Likoma, mwera ukuomba, maboti ankhondo akuzungulira, mayi atatseka pakamwa pa khanda kuti lisalire. Ndikunena za amayi amene ankaphikira ana a m'mapiri usiku, m'mawa nkukaima pamaso pa asilikali a boma osatchula dzina la munthu. Ndikunena za aphunzitsi amene anabwerako ku ndende ya Machava thupi litatha, ndi amene sanabwereko. Pafupifupi banja lililonse la m'mbali mwa nyanja lili ndi munthu wotere, ndipo amene akudziwa nkhani zake akutha mmodzimmodzi. Inu amene mukadali ndi agogo a zaka za m'ma 80 pakhomo, musadikire tsiku la maliro kuti mumve mbiri yawo kwa wolalikira.

Koma amene mbiri inawataya kwambiri ndi amuna aja ankayenda ndi Roxo, pamodzi ndi anzawo onse akuda amene anavala yunifolomu ya Portugal. Sanali ochepa ayi. Pofika 1973 opitirira theka la asilikali a Portugal mu Moçambique anali olembedwa konkuno, ndipo pambali pa iwo panali a milícia, a Grupos Especiais ndi a Flechas. Ena analowa chifukwa lamulo linkawakakamiza, ena chifukwa cha njala ya mu aldeamento, ena pobwezera imfa ya mbale, ena chifukwa anagwidwa m'thengo napatsidwa kusankha pakati pa mfuti ndi manda. Ndiwo ankawerenga mapazi, ndiwo ankayenda patsogolo, ndipo ena mwa iwo anavekedwanso Cruz de Guerra. Nkhani zotamanda Diabo Branco kawirikawiri zimawatchula ndi nambala chabe.

Portugal pochoka sanawatenge. Pa 24 Junho 1975, kutatsala tsiku limodzi kuti mbendera itsike ku Lourenço Marques, boma la ku Lisboa linatulutsa lamulo la nambala 308-A/75, limene linachotsa unzika wa Portugal kwa pafupifupi onse obadwira m'maiko a mu Afrika amene analibe makolo ochokera ku Ulaya. Anthu amene kwa zaka khumi ankauzidwa kuti ndi Apwitikizi enieni anadzuka ali alendo kwa dziko limene anakhetsera magazi. Mendulo imene dzulo inali ulemu inasanduka umboni wa mlandu, chinthu choti munthu achikwirire kuseri kwa nkhokwe kapena achiponye m'nyanja. Nawonso asilikali akuda a ku Angola amene anamenyera South Africa m'gulu la 32 Battalion, limene Roxo anali nalo pa chiyambi chake, anaona zofanana: anakaikidwa ndi mabanja awo ku Pomfret, tauni ya mgodi wakale wa asbestos m'mphepete mwa chipululu, ndipo gululo linathetsedwa mu 1993.

Boma latsopano la Moçambique linawapatsa dzina lakuti comprometidos, anthu odetsedwa ndi chitsamunda. Ena anatumizidwa ku misasa ya reeducação, imene yambiri inali muno mu Niassa, m'thengo lomwe lija ankalondolamo mapazi. Kuyambira 1978 zithunzi za anthu oterewa zinkapachikidwa pa makoma a malo awo a ntchito, pamodzi ndi mbiri ya zimene anachita, kuti aliyense wodutsa aone. Mu 1982 Samora Machel anawaitanitsa ambiri mwa iwo ku Maputo, nakhala nawo masiku angapo, akuwaimiritsa mmodzimmodzi ndi kuwafunsa pamaso pa anthu. Potseka msonkhanowo analengeza kuti dzina lija latha, kuti onse tsopano ndi nzika za Moçambique, ndipo zithunzi zija zinachotsedwa pa makoma. Ena mwa iwo anapemphedwa kuti luso lawo la nkhondo alipereke kwa dziko, chifukwa nkhondo ina inali itayamba kale pakati pa dzikoli. Pasanathe zaka zambiri inafika ku Niassa, ndipo mabwato anayambanso kuwoloka usiku kupita ku Likoma, atanyamula ana a amene anali m'mapiri pamodzi ndi ana a amene anali mu milícia.